Wosesa Misewu ya ku Deventer

Kalendala ndilibe. Ndili ndi tsache
ndi ngolo yolira ngati m'mimba mwa wanjala.
Zaka makumi atatu ndikusesa Deventer,
chaka ndimachidziwa ndi zimene anthu ataya.

Januwale amabwera atafiira.
Zipepala za makombola zamatirira pamiyala ya msewu,
zanyowa, zikuterera ngati phala la dzana.
Pakhomo la nambala 14 pagona kathumba konona mafuta,
mandasi a chaka chatsopano adathera m'mimba,
shuga wake yekha wayera mbee pakhonde.
Ana akukoka mitengo ya Khirisimasi yothothoka
kukapereka kwa a khonsolo, mtengo umodzi kakobiri kamodzi.
Timasamba take tobaya timandilowa m'nsapato mpaka Malichi.

Kumapeto kwa Epulo mzinda umapenga misala.
Tsiku lobadwa mfumu aliyense ndi wamalonda.
Usiku alemba ndi choko pansi: pano pali mwini.
M'mawa ayala mabulangete,
mbale zong'aluka, wotchi yakufa, nsapato yopanda inzake,
kamnyamata kakuzunza vayolini
mpaka anthu aponye ndalama kuti kaleke.
Zonse zasanduka lalanje, zipewa, tsitsi, masaya,
ngakhale galu wa mnzanga Hidde.
Dzuwa likalowa, zosagulidwa ndi zanga.
Chaka chatha ndidatola ketulo yabuluu yobenthuka pakamwa,
ndendende imene Aleid ankawiritsira tiyi.
Lamulo limati zonse m'ngolo.
Ili pambaula kwathu.

Pa 4 Meyi, 8 koloko madzulo,
ndimatsamiritsa tsache kukhoma.
Mabasi aima. Njinga zaima. Lipenga latha.
Mbendera zatsikira pakati pa milongoti.
Mphindi ziwiri, zii.
Mtsinje wa IJssel wokha ndiwo sumva lamulo.
Atate adandiuza kamodzi kokha
kuti nthawi ya nkhondo, ali mwana ku Haarlem,
ankadya anyezi wa maluwa.
Ndidafunsa kukoma kwake. Adatuluka panja.
Tsiku limenelo ndilibe chosesa,
chete sasiya zinyalala.
Koma m'mawa mwake ufulu umafika
ndi zitini za mowa zosawerengeka,
ndipo sindidandaula. Msana ndiwo umadandaula.

Lachinayi lija Ambuye adakwera kumwamba
Aleid ankandigwedeza kudakali mdima.
Dzuka iwe, mame sadikira waulesi!
Tinkapalasa njinga kudutsa mlatho,
kuvula nsapato pamalire a dambo,
kuponda udzu wozizira ngati mpeni,
ng'ombe zikutiyang'ana ngati takongola ndalama zawo.
Iye ankati mame amachiritsa.
Sadamuchiritse.
Ndimapitabe, zaka zisanu ndi chimodzi tsopano.
Ndimavula nsapato, ndimatukwana kuzizira,
kenako ndibwerera kukamwa khofi ndekha.

Chilimwe chilibe tchuthi chenicheni,
timitengo ta ayisikilimu basi, ndi alendo osochera.

Disembala amanunkhira sinamoni.
Timabisiketi ta Sinterklaas tapondedwa m'misewu,
taphwanyika ngati mchenga, nkhunda zanenepa.
Ana aika nsapato pafupi ndi moto,
karoti m'kati, chakudya cha hatchi ya nkhalambayo.
Akulu amapatsana mphatso ndi ndakatulo zonyozana.
Hidde adandilembera yake papepala la buledi:
akuti ndimasesa ngati ndikufunafuna chinthu chimene ndidataya.
Tonse tidaseka.
Pepalalo lili m'thumba la jekete, lafewa ngati nsalu.

Khirisimasi kuno ndi masiku awiri,
loyamba la banja lako, lachiwiri la apongozi.
Ine onse awiri ndimapempha ntchito.

Usiku wotsiriza wa chaka ndimagula mandasi atatu
kwa mayi Geertje pangolo yake ya pabwalo,
amawonjezera lachinayi osanena kanthu.
Thambo likayamba kung'ambika ndimakhala nditagona kale,
thonje m'makutu, nsapato pafupi ndi chitseko.
Phulitsani, anthu inu, phulitsani.
Mawa 6 koloko ndidzaona m'mene mudasangalalira.